Paipi ya Suweji Ikadutsa Malire a Khonsolo, Alipire Ndani?

Zonyansa za m'chimbudzi chogejemula sizidziwa malire a khonsolo. Zimangotsata kutsetsereka kwa nthaka, ndipo mainjiniya nawo amatsata komweko. Malo oyeretsera madzi a suweji amawamanga kumunsi, pafupi ndi mtsinje, kuti madziwo azidziyendera okha popanda kuwapopa ndi magetsi. N'chifukwa chake matauni awiri, kapena khumi, oyandikana amapezeka akuthira mu paipi imodzi, ndipo tauni ya kumunsi ndiyo imatsala ndi fungo, ntchentche ndi ngongole ya makina. Kumanga malo amodzi aakulu kumatchipa kusiyana n'kuti tauni iliyonse imange akeake, ndipo pamenepa palibe amatsutsa. Phokoso limabuka bilu ikafika.

Mwina mukuti imeneyi ndi nkhani ya makhansala ndi mainjiniya. Ndi yanu. Chilichonse chimene khonsolo yalonjeza pa mgwirizano ndi khonsolo inzake chidzachoka m'thumba mwanu, kaya kudzera pa msonkho wa nyumba, pa bilu ya madzi, pa chiphaso cha bizinesi kapena pa tikiti ya mumsika. Choncho musathamangire kufunsa kuti ndi zingati. Yambani mwafunsa kuti agawa ndi muyeso wanji, ndipo muyesowo unalembedwa pati. Kumene anthu anachedwa kufunsa funso limeneli, maloya anadyerapo zaka zoposa khumi.

Nkhondo ya suweji ku Milwaukee

Mzinda wa Milwaukee uli m'chigawo cha Wisconsin ku America, m'mphepete mwa nyanja ya Michigan. Kumeneko bungwe limodzi, Milwaukee Metropolitan Sewerage District, limalandira zonyansa za matauni oposa 25, anthu opitirira miliyoni imodzi, n'kukaziyeretsa pa malo awiri: Jones Island, amene anayamba ntchito mu 1925, ndi South Shore. M'dera lakale la mzindawo paipi imodzi yomweyo imanyamula madzi a mvula ndi za m'zimbudzi. Kukagwa chimvula mapaipi ankasefukira, zonse n'kuthamangira m'mitsinje ndi m'nyanja, mwina ka 50 pa chaka. Mu 1972 chigawo cha Illinois, choyandikana ndi Wisconsin, kumene kuli mzinda wa Chicago umene umamwa nyanja yomweyo, chinasumira Milwaukee, ndipo pofika mu 1977 makhoti anali atalamula kuti vutolo likonzedwe.

Anakumba chingalande chachikulu m'thanthwe, mamita pafupifupi 90 pansi pa mzinda, chotchedwa Deep Tunnel, choti chizisunga madzi osefukirawo mpaka mvula itakata. Ntchito yonse, kuphatikizapo kukonza malo oyeretsera, inadya madola oposa 2 biliyoni. Kusefukira kuja kunatsika kufika pa kawiri kapena katatu pa chaka. Ntchito inagwirika ndithu. Koma alipire ndani?

Bungwe lija linati ndalama zomangira zigawidwe potengera mtengo wa nyumba ndi malo a m'tauni iliyonse, monga umayendera msonkho wa nyumba. Matauni opeza bwino a m'mbali mwa mzindawo, monga Brookfield, Mequon, New Berlin, Menomonee Falls ndi Elm Grove, anakanitsitsa, n'kupanga gulu lawo lotchedwa FLOW. Mfundo yawo inali yomveka: nyumba yodula sigejemula kawiri chifukwa choti ndi yodula, tiyeseni zimene tikuthira mu paipi, tilipire zimenezo. Anawonjezera kuti mapaipi osakaniza mvula ndi zonyansa ndi a Milwaukee, osati awo, nanga alipirirenji matenda a mnzawo? Milwaukee naye sanasowe chonena. Nyanja yoyera ndi ya aliyense, ndipo nyumba za m'matauni amenewo zinakwera mtengo chifukwa choti kunafika paipi yaikulu. Popanda paipiyo malo ambiri akanakhala minda basi. Komanso eni nyumba a m'kati mwa mzinda, ambiri a iwo osauka, ankalipira kale potengera mtengo wa nyumba zawo.

Nkhaniyi inazungulira m'makhoti, inafika ku khoti lalikulu la Wisconsin kangapo, inapitanso ku bungwe loona za mitengo ya madzi ndi magetsi la m'chigawocho, Public Service Commission. Anthu anaitcha nkhondo ya suweji. Inatha mu 1996, pamene matauni a FLOW anavomera kupereka madola pafupifupi 140 miliyoni a m'mbuyo ndi kumalipira ndalama zomangira potengera mtengo wa nyumba.

Ine sindiona kuti mbali imodzi inali yoyera, inayo yakuda. Aliyense anagwira theka la choona, ndipo aliyense anasankha theka limene linkamupepukira m'thumba. Cholakwika chenicheni chinali choti anayamba kukumba asanamvane za muyeso.

Ndalama zomangira ndi zina, zoyendetsera ndi zina

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonekera, ndipo akuluakulu ena amakonda kuti muzisokonekera. Pali ndalama zomangira: kukumba, kuyala mapaipi aakulu, kumanga madamu, kubweza ngongole ndi chiwongoladzanja chake. Zimenezi zimalipidwa kaya mu paipi mukudutsa madzi ambiri kapena ochepa. Ndiye pali ndalama zoyendetsera: magetsi a mapampu, mankhwala, malipiro a ogwira ntchito, kuchotsa matope m'madamu. Izi zimakwera ndi kutsika malinga ndi zimene zathiridwa. Ngakhale ku Milwaukee, mkangano sunali pa ndalama zoyendetsera. Lamulo la ku America loteteza madzi, Clean Water Act la 1972, linali litanena kale kuti wolandira thandizo la boma lomangira malo oyeretsera azilipiritsa ogwiritsa ntchito aliyense molingana ndi gawo lake.

Amene anakhalako pa ploti ya lendi yokhala ndi mpopi umodzi akuidziwa nkhaniyi. Bilu ikabwera, alandilodi amati tigawane pa khomo pa khomo. Mnyamata wokhala yekha, wochoka m'mamawa n'kubwera usiku, amati ayi, tiwerenge mitu, poti khomo loyandikana nalo kuli ana asanu ndi mmodzi ndi matewera ochapa tsiku ndi tsiku. Mayi wa anawo amaloza khomo lachitatu, kumene kuli anthu awiri okha koma amaphika thobwa wogulitsa ndi kuthirira kadimba kuseri. Onse akunena zoona. Koma mpopi ukathyoka n'kufunika wina watsopano, kuwerenga mitu sikugwiranso bwino, chifukwa mnyamata uja naye amafuna kuti akabwera usiku apeze mpopi ulipo. Madzi agawane potengera kumwa. Mpopi agawane potengera china.

Chinacho n'chiyani? Njira imodzi ndi ya mtengo wa nyumba, monga ku Milwaukee. Ubwino wake ndi woti wolemera amasenza zambiri; kuipa kwake n'koti salimbikitsa aliyense kuchepetsa zimene akuthira. Njira ina ndi yogula gawo la malo oyeretsera, ndipo chitsanzo chake chodziwika chili ku Washington. Malo oyeretsera a Blue Plains amatumikira likulu la America pamodzi ndi maboma oyandikana nalo a Montgomery ndi Prince George's ku Maryland, ndi Fairfax ku Virginia. Mu 1985 onsewa anasaina mgwirizano, n'kuulembanso mwatsopano mu 2012. Malowo anawawerengera kuti angalandire magaloni 370 miliyoni pa tsiku, amene ndi malita pafupifupi 1.4 biliyoni. Pa amenewo, bungwe la maboma awiri a ku Maryland linasungitsa magaloni 169.6 miliyoni, Fairfax 31 miliyoni. Ndiye kuti pa ndalama zomangira za malo ogwiritsa ntchito onse, a ku Maryland amasenza pafupifupi 46 pa 100 iliyonse, Fairfax pafupifupi 8, kaya gawo lawolo alidzaza kapena ayi. Zoyendetsera amagawana potengera madzi amene aliyense watumizadi.

Njira imeneyi ndimaikonda pa chifukwa chimodzi: imathetsa mkangano wa kukula kwa tauni. Tauni imene ikugawa maploti usiku ndi usana ikadzaza gawo lake, imagula lina kapena kulipira kukulitsa malowo. Siuza gogo wa m'tauni yakale, amene analipira kale paipi yake zaka makumi atatu zapitazo, kuti alipirenso chifukwa cha nyumba zatsopano za kutsidya.

Mita ya pamalire, ndi madzi amene sanayenera kulowa

Muyeso wa kuchuluka kwa madzi ndi wabwino pokhapokha ngati pali choyezera. Pamene paipi ya tauni imodzi ikulowa mu paipi yaikulu payenera kukhala mita, ndipo mbali zonse ziwiri zikhale ndi ufulu woiwerenga ndi kuiyesetsa kwa katswiri wapadera. Mita ikafa, mgwirizano uzinena kuti awerengera bwanji mwezi umenewo. Popanda zimenezi, mwini malo oyeretsera amangoganizira nambala, ndipo kuganizira kumakonda kukomera woganizirayo.

Mita imaululanso chinthu china. Pitani mukaime pa msewu wa m'tauni mwezi wa Januwale mvula ikugwa. Chivundikiro chachitsulo cha dzenje la suweji chimayamba kugwedera, kenako madzi otuwa amatumphuka m'mbali mwake, atanyamula timapepala, n'kutsetserekera kumene amayi ayala tomato. Anthu sanagejemule kwambiri tsiku limenelo. Amene adzaza paipiyo ndi madzi a mvula, olowera m'mapaipi osweka, m'maenje amene zivundikiro zake zinabedwa n'kukagulitsidwa kwa ogula zitsulo, ndiponso m'nyumba zimene eni ake analumikiza madzi a padenga ku suweji. Madzi amenewa akafika kumunsi amafuna mapampu ndi madamu monga zonyansa zenizeni. Ngati matauni akugawana bilu potengera chiwerengero cha anthu chabe, tauni yosasamala mapaipi ake imasenzetsa inzake. Ikamalipira potengera mita, imakonza yokha popanda woikumbutsa.

Palinso kulemera kwa zonyansazo. Lita imodzi yochokera kophera ng'ombe, kofululira mowa kapena konyikira zikopa imavuta kuyeretsa kuposa lita ya m'bafa. Ku Milwaukee bilu yoyendetsera imawerengera zonsezi: kuchuluka kwa madzi, kuchuluka kwa zowola zimene zili m'madzimo, ndi zinyalala zoyandama. Tauni ya mafakitale ikamalipira mofanana pa lita ndi tauni ya nyumba zogona, ndiye kuti mabanja akulipirira makampani.

Ndipo mgwirizano uzinena chochita tauni ina ikasiya kulipira. Madzi akumpopi amadula, magetsi amadula, koma suweji simungaitseke popanda kudzaza misewu ndi zonyansa. Abale athu okhala ku Harare ndi ku Chitungwiza akudziwa mmene matauni oyandikana amamangirirana pa nkhani imeneyi. Zonyansa zosayeretsedwa bwino za matauni onse awiri zimathera m'nyanja ya Chivero, momwe Harare amatunga madzi akumwa n'kugulitsako ena ku Chitungwiza komweko. Kolera wa mu 2008 ndi 2009, amene anapha anthu oposa 4,000 m'Zimbabwe, anayambira ku Chitungwiza.

Kuno kwathu lamulo likuti chiyani

Wina anena kuti ku Malawi matauni athu ndi otalikirana, nkhaniyi sikutikhudza. Koma Blantyre ndi Limbe anali matauni awiri mpaka pamene anawaphatikiza mu 1956, ndipo lero mizinda ikutayikira kunja kwa malire ake. Lunzu ndi Chileka ali pansi pa khonsolo ya boma la Blantyre, osati ya mzinda. N'chimodzimodzinso madera ambiri amene akumangidwa m'mbali mwa Lilongwe. Mapaipi akadzafika kumeneko, funso la ku Milwaukee lidzakhala lathu. Ndipotu layamba kale mwakachetechete: galimoto yopopa zimbudzi ikapopa kunja kwa mzinda, kokakhuthula koyenera ndi ku madamu a mzinda, monga a ku Kauma ku Lilongwe. Ndalama imene galimotoyo imalipira pachipata ndiyo gawo la anthu akunja pa kusamalira madamuwo. Ikachepa kwambiri, a mumzinda akulipirira anzawo. Ikakwera kwambiri, dalaivala amakakhuthula kutchire usiku.

Palinso kusalungama kwina kumene sitikutchula kawirikawiri. Pamene Banki Yaikulu Padziko Lonse inkavomereza ntchito ya madzi ndi ukhondo ya mu Lilongwe mu 2017, anthu olumikizidwa ku suweji mumzindawo anali pafupifupi 5 pa 100 alionse. Ena onse amadalira zimbudzi zokumba ndi masepitiki thanki, ndipo amalipira okha kukumba ndi kupopa. Ngati ndalama zoyendetsera suweji zikuchokera m'thumba la msonkho wa onse, ndiye kuti wa chimbudzi chokumba ku Mtandire kapena kwa Chinsapo akuthandiza kulipira chimbudzi chogejemula cha munthu wopeza bwino kuposa iye. Gawo lina n'loyenera, poti mtsinje woyera umapindulira onse. Koma gawolo lizidziwika kukula kwake, lisamabisale.

Malamulo athu anaika ntchitoyi m'manja awiri. Lamulo la Waterworks la 1995, limene linakhazikitsa mabodi asanu a madzi, limapatsa mabodiwo mphamvu pa mapaipi a suweji. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 ndi lamulo la zaumoyo amapatsanso makhonsolo udindo pa ukhondo. Manja awiri akagwira chinthu chimodzi, chikagwa aliyense amaloza mnzake. Zinaoneka mu 2017 ku Area 18 mu Lilongwe, pamene zonyansa za paipi yophulika zinalowa m'madzi akumpopi anthu n'kumwa. Anthuwo sanangodandaula pa wailesi. Anapita kukhoti, ndipo khoti linagamula kuti apatsidwe chipukuta misozi. Choncho chinthu choyamba kudziwa ndi mwini paipi ya m'dera lanu: khonsolo, bodi ya madzi, kapena bungwe limene linamanga nyumbazo.

Malamulo aakulu a dziko lino amakupatsani zogwirira zingapo. Gawo 171 limati palibe msonkho kapena ndalama yokakamiza imene boma kapena khonsolo ingatolere popanda chilolezo cha lamulo. Pa bilu yanu pakatulukira mzere watsopano, muli ndi ufulu wofunsa kuti ukuchokera pa lamulo liti. Gawo 37 limakupatsani ufulu wopeza nkhani zimene boma ndi nthambi zake zikusunga, ndipo lamulo la Access to Information, limene linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020, linafotokoza kachitidwe kake: mumapempha kwa wosunga nkhaniyo, iye ayenera kuyankha pasanathe masiku 15 ogwira ntchito, ndipo akakana mungathe kukadandaula ku Malawi Human Rights Commission. Gawo 43 limati chigamulo cha ofesi ya boma chikhale chotsata lamulo ndi chachilungamo, ndipo chikakhudza ufulu kapena zofuna zanu akupatseni zifukwa zake polemba. Lamulo la zachilengedwe la 2017 limawonjezera ufulu wokhala pamalo aukhondo, ndi mfundo yoti woipitsa ndiye alipire.

Kalata yopempha siyenera kukhala yaitali. Ingathe kungoti: "Bwana mkulu wa khonsolo, motsatira lamulo la Access to Information, ndikupempha kope ya mgwirizano umene ulipo pakati pa khonsolo yathu ndi bungwe kapena khonsolo ina iliyonse pa za suweji, njira imene mumagawira ndalama zomangira ndi zoyendetsera, ndiponso ndalama zimene munatolera ndi kugwiritsa ntchito pa suweji chaka chatha." Lembani tsiku, sainani, ndipo kope yanu aidinde pofikira alendo. Akayankha kuti mgwirizano wolembedwa palibe, limenelonso ndi yankho, ndipo ndi loyenera kupita nalo kwa khansala wanu kuti akalifunse pa msonkhano wa khonsolo yonse, umene anthu wamba amaloledwa kukamvera.

Funsaninso kuti ndalama za suweji zimasungidwa pazokha kapena zimalowa m'thumba limodzi ndi zogulira mafuta a magalimoto a mabwana. Tauni yoyandikana singavomere kulipira gawo lake ikamakayika kuti ndalamazo zikukakonza msewu wa eni malo. Ndipo funsani amene amakhala pa gome logamula mitengo. Ku Milwaukee, mwa makomishonala 11 a bungwe lija, asanu ndi awiri amasankhidwa ndi mfumu ya mzinda wa Milwaukee, ndipo zimenezi zinkathira mafuta pa mkwiyo wa matauni akunja, amene ankaona kuti akulipira pa gome pamene alibe mawu. Wolipira azikhala ndi mpando, ngakhale umodzi, ndi ufulu woona mabuku.

Ngati khonsolo yanu imatolera potengera mtengo wa nyumba, dziwani kuti mtengowo umachokera m'kaundula amene lamulo limati azilembedwa mwatsopano zaka zisanu zilizonse, ndipo akamuika poyera mwini nyumba ali ndi mwayi wotsutsa mtengo umene alembera nyumba yake. Ambiri amadzadzidzimuka bilu itafika, nthawi yotsutsa itadutsa. Kaundula wakale amapondereza nyumba zakale zimene zinalembedwa, pamene zatsopano zosalembedwa zikuthira mu paipi ulele.

Zokambirana zikakanika, ofesi ya Ombudsman imamva madandaulo a anthu amene achitiridwa zosalungama ndi maofesi a boma, ndipo siilipiritsa. Njira ya High Court yopempha kuti iunikenso chigamulo cha khonsolo kapena bodi iliponso, koma ili ndi malire a miyezi itatu kuchokera tsiku la chigamulocho, choncho gulu la anthu lofuna kuitsata lisathe miyezi likusonkhana pansi pa mtengo.

Udindo wanu nawo ndi wosabisika. Madzi a padenga musawalowetse mu suweji. Matewera, mapadi, zitsononkho, mchenga wotsukira mapoto ndi mafuta a galimoto si za mu paipi. Zikatseka, wolipira kutsegulako ndi inu nomwe limodzi ndi anansi anu a kumunsi. Woboola kapena kutseka paipi dala kuti athirire dimba, ndi wonyamula chivundikiro usiku, mukaneneni kwa eni paipi kapena kupolisi. Pomanga nyumba musaike maziko pamwamba pa paipi. Ndipo pamene mukutsutsa bilu, musangosiya kulipira, chifukwa ngongole imakula ndi chiwongoladzanja ndipo mlandu wanu umafooka. Matauni a FLOW aja anadzalipira za m'mbuyo pa nthawi imodzi. Lipirani gawo limene simukulitsutsa, lembani kalata yonena kuti lotsalalo mukulitsutsa ndi chifukwa chake, ndipo malisiti onse muwasunge pamodzi ndi kope yodindidwa ija.